Ma ski akamanyamuka pokwera phiri, mugwire pati pa sasipenshoni yakumbuyo ya snowmobile

Amene munakwerapo phiri lotsetsereka ndi snowmobile, makina oyenda pa sinowo okhala ndi ma ski awiri otsetsereka kutsogolo ndi thiraki, mkombero wa labala wa mano, kumbuyo, mukuidziwa nthawi ija mwapereka moto wonse, injini ikulira bwinobwino, thiraki yagwira, kenako mungoona mphuno ikukwera, ikukwerabe, ma ski ali m'mwamba, chiwongolero mukukhotetsa koma palibe chikumva, nde mwasiya moto chifukwa cha mantha ndipo pomwepo basi mwatitimira pakati pa phiri. Ambiri zikawachitikira amathamangira kukafinya limiter strap, lamba wa mu sasipenshoni yakumbuyo, mpaka bowo lomaliza poganiza kuti athana nazo. Ine ndimati ayi, lamba ameneyo akhale womalizira kumugwira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe tamvana kaye chinthu chimodzi, kunyamuka kwa ma ski si matenda ayi. Mukapereka moto kulemera kwa makina ndi kwanu kumasamukira kumbuyo, kumakatsikira pa thiraki, ndipo ndi kumeneko komwe kumapangitsa mano a thiraki kuluma sinowo. Snowmobile yosanyamula ma ski ngakhale pang'ono imakwera ngati ikulima, ma ski akukankha sinowo kutsogolo uku thiraki ikupalasa pachabe kumbuyo. Chomwe tikufuna ndi chakuti ma ski ayandame pang'ono chabe, kwa ine ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa sinowo, moti mukachepetsa moto pang'ono abwerere pansi msanga inu nkukhota. Zikapitirira apo vuto si chiwongolero chokha. Mphuno ikaloza kumwamba, gawo lakutsogolo la thiraki nalonso limachoka pansi, kulemera konse kumatsalira pa kachigawo kakang'ono kakumapeto, ndipo kachigawo kameneko sikakukankhiraninso kutsogolo, kamangokumba dzenje. Nchifukwa chake munthu woimika kwambiri mphuno m'mwamba amaoneka ngati ali ndi mphamvu koma mnzake woyenda mogona ndi amene amakafika pamwamba.

Tsono mkati mwa thiraki muli chiyani? Muli njanji ziwiri zomwe thiraki imatsetserekapo, kupatula makina ena ngati Alpha One ya Arctic Cat yomwe ili ndi njanji imodzi pakati. Njanjizo zimalumikizidwa ku thupi la makina ndi mikono iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Mkono wakutsogolo uli ndi shokapu yake, ena amaitchula yapakati chifukwa imakhala pakatikati pa makina onse, ndipo pafupi pomwepo ndi pomwe pali limiter strap, lamba wolimba amene amaletsa mkonowo kutambasuka kupitirira malire. Mkono wakumbuyo uli ndi shokapu yakenso, ndipo sipuling'i yake imatha kukhala yokulunga pa shokapupo, kapena ija yopotana yokhala ndi miyendo yaitali mbali zonse ziwiri ngati mmene zilili pa Ski-Doo zambiri, kapena mpweya basi ngati ndi shokapu zopopa ngati Fox Float.

Njira yosavuta yomvetsera zonsezi ndi kuganizira thabwa logonekedwa pa chipika. Chipikacho ndi mkono wakutsogolo uja. Mbali imodzi ya thabwa kuli ma ski, mbali inayo kuli mchira wa makina. Chipika chikakhala chachitali ndi cholimba, thabwa silivuta kupendama, mchira ukangotsika pang'ono mphuno yakwera kale. Chipika chikafupika kapena chikafewa, ma ski amatsamira pansi. Komanso kumchira kukakhala kolimba kosalola kutsika, thabwa lilibe kopendamira. Basitu, zonse zomwe tizisintha zikuchita chimodzi mwa ziwirizi, kufupikitsa ndi kufewetsa chipika kapena kulimbitsa kumchira. Mukagwira mfundo imeneyi simufunikanso kuloweza kalikonse pamtima.

Musanagwire sipanala lembani kaye mmene zinthu zilili pano. Lamba ali pa bowo liti, sipuling'i ya shokapu yakutsogolo ndi yotalika mamilimita angati ikakhala yopanda katundu, yakumbuyo ili pa sitepe iti, pulesha ya mpweya ili pa psi zingati. Jambulani ndi foni ngati kulemba kukukuvutani. Mukasokoneza mudzafuna pobwerera, ndipo pakatha masabata awiri palibe amakumbukira. Muonenso ngati zinthu zili zamoyo, chifukwa shokapu yakumbuyo yomwe yatha gasi kapena ikudontha oyilo imagwa msanga mukangopereka moto, ndipo mutha kusintha china chilichonse tsiku lonse osaona phindu. Sipuling'i zopotana zija nazonso zimatopa ndi zaka. Chotsaninso ayezi yemwe waundana m'kati, kulemera kwake si kwamasewera.

Poyambira penipeni ndi kumbuyo. Ikani makina pamalo osalala, nyamulani bampala yakumbuyo mpaka sasipenshoni itambasuke yonse, yezani kuchoka pansi kufika pa bampala, kenako kwerani mutavala zonse zomwe mumavala m'phiri, chisoti, chikwama chakumsana chokhala ndi fosholo, komanso chigubu cha mafuta ngati mumamangirira kumbuyo, mudumphedumphe pang'ono kuti zikhazikike, mnzanu ayezenso pomwe paja. Kusiyana kwa manambala awiriwo muyerekeze ndi zomwe buku la makina anu likunena, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyezo wake. Nthawi zambiri munthu wodandaula kuti ma ski akunyamuka kwambiri umapeza kumbuyo kukutsika mopitirira, makina anachunidwira munthu wopepuka koma wokwerapo ndi wathupi, ndiye waonjezanso katundu kumapeto kwenikweni kwa thanelo, thupi la makina lomwe lili pamwamba pa thiraki, komwe kulemera kumakhala ndi mphamvu kwambiri yopendamitsa thabwa lija. Limbitsani sipuling'i yakumbuyo sitepe imodzi. Ngati ndi zopotana zija zimakhala ndi kabuloko kozungulira ka masitepe, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe yofanana, muzisintha mosinthana kumanja kenako kumanzere sitepe imodzi imodzi, osati kumaliza mbali imodzi inayo ili pansi. Ngati ndi yokulunga zunguzani kolala, mphete yofinyira sipuling'i, kawiri kapena katatu. Ngati ndi ya mpweya onjezani psi 5 kapena 10 basi. Mukafika sitepe yomaliza koma kukutsikabe, musakakamire, mukufunika sipuling'i yolimbirapo, zimagulitsidwa malinga ndi kulemera kwa wokwera.

Pa nkhani ya mpweyayi pali kanthu komwe kamapusitsa anthu ambiri. Mpweya ukazizira pulesha imatsika, nde mukapopa m'galaja mofunda kenako nkutuluka kunja kozizira kwambiri, shokapu ija imakhala yofewerapo kusiyana ndi mmene munaisiyira. Muzipopa makina atazizira ngati kunja komwe mukayendeko, ndipo shokapu ikhale yotambasuka yopanda katundu, apo ayi nambala yomwe geji ikuonetsa ndi yabodza. Pampu yake ndi kakang'ono kaja ka shokapu, kamalowa m'chikwama bwinobwino, muzikatenga.

Kumbuyo kukakhala bwino ndiye tibwere pa shokapu yakutsogolo ya thiraki, ndipo apa ndi pomwe ine ndimathera nthawi yambiri chifukwa ndi pomwe pamamveka kusintha kwabwino kopanda kuononga zina. Mukamasula sipuling'i yake chipika chija chimafewa, makina sapendamanso mwachangu, ma ski amalemera, ndipo kutsogolo kwa njanji kumalola kupindika thiraki ikakumana ndi sinowo wambiri, moti makina amakwera pamwamba pake mmalo momudula. Mukaimanga zimatembenuka, chiwongolero chimapepuka, makina amasewera bwino, kuwagoneka chammbali sikuvuta, koma pokwera amaimika. Nde ngati vuto lanu ndi kuimika, masulani kuzunguza kumodzi kapena kuwiri, mukayese, mubwerenso. Chenjezo ndi lakuti musamasule mpaka sipuling'i iyambe kugwedera shokapu ikatambasuka, chifukwa kambale kogwira sipuling'iyo kamatha kuthothoka mukadumpha, ndipo kukasaka kachitsulo kameneko mu sinowo wofika m'chiuno nkosatheka. Komanso mukafewetsa kwambiri mudzayamba kumva kugunda pansi pa mapazi mukamadutsa m'mabampu panjira yopita kuphiri, ndi chizindikiro chakuti mwapitirira, bwezani pang'ono.

Ma shokapu ena ali ndi kabatani kozunguza kosinthira kayendedwe ka oyilo m'kati mwake. Kumbukirani kuti kameneka sikasintha pomwe makina akathere, kamasintha liwiro lomwe akufikira pamenepo. Mukalimbitsa ka shokapu yakumbuyo mchira umatsika pang'onopang'ono, nde mphuno siidumpha mwadzidzidzi mukangokhudza moto, zomwe zimathandiza kwambiri pokwera pakati pa mitengo pomwe moto umapereka nkusiya, kupereka nkusiya. Pa phiri lalitali lomwe moto uli wonse kwa nthawi ndithu, mchira udzatsikabe mpaka pomwe sipuling'i yalola. Pali zina ngati Fox QSL zomwe sitepe yake yomaliza imakhala ngati loko, shokapu yakumbuyo imauma pafupifupi osayenda, ndipo pokwera zimagwiradi ntchito, kungoti mukatsika mukumbukire kumasula chifukwa m'mabampu msana umva.

Tsopano lamba uja. Mukamufupikitsa amakoka kutsogolo kwa njanji m'mwamba, chipika chafupika, ma ski atsamira pansi, ndipo zoona zake palibe chinthu china chomwe chimachepetsa kuimika mwamphamvu ngati ichi. Bowo limodzi lokha limamveka kwambiri. Palinso ubwino wina, kona yomwe thiraki imakumanira ndi sinowo kutsogolo imagona, nde mu sinowo wofewa makina amatha kutuluka pamwamba msanga. Nanga bwanji ndikuti akhale womalizira? Chifukwa malipiro ake ndi okwera. Mwadula ulendo wa mkono wakutsogolo, shokapu ija yakhala yofinyika kale isanakumane ndi bampu, chiwongolero chalemera moti pofika masana mapewa atopa, kugoneka makina chammbali podutsa phiri mopingasa kwavuta, ndipo mukapitirira kutsogolo kwa thiraki kumangolendewera kosagwira pansi mokwanira, nde mano ochepa ndi omwe akugwira ntchito. Ine zinandichitikirapo, ndinafinya mabowo awiri nthawi imodzi usiku m'galaja chifukwa dzulo lake makina anali atandiimikira pamalo oopsa, kutacha kunagwa sinowo watsopano ndipo tsiku lonse ma ski ankangomira, pena paliponse ndikutitimira, anzanga akundikoka. Nditabweza bowo limodzi nkulimbitsa kumbuyo sitepe imodzi makina anasintha ngati ena.

Posintha lambayu nyamulani kumbuyo kapena gonekani makina chammbali, finyani mkono wakutsogolo ndi lamba womangira katundu uja wokhala ndi latcheti kuti bauti ituluke mosalimbana, sunthani bowo limodzi, bwezani mawashala momwe analili ndipo nati ikhale ija yodzikhoma yokha. Ngati malamba ali awiri onse akhale pa bowo lofanana. Muoneretu ngati sakuthetheka m'mbali mwa mabowo, lamba akaduka muli pakati pa phiri mkono umatambasuka wonse ndipo shokapu ndi yomwe imalandira nkhonya. Mukamaliza onaninso kukungika kwa thiraki ndi kulunjika kwake, chifukwa njanji zikasuntha kukungika kumasinthanso, thiraki yolefuka imalumpha pa mano oyendetsa nthawi yomwe mukufuna mphamvu kwambiri, yokungika kwambiri imadya mapulasitiki a pansi pa njanji omwe thiraki imatsetserekapo ndi kuba mphamvu ya injini. Makina ena, monga Ski-Doo Summit za Expert, ali ndi kachogwirira kosinthira lambayu popanda sipanala, kafupi ndi katali, nde ngati muli nako gwiritsani ntchito, kafupi pokwera phiri loongoka, katali posewera m'mitengo.

Za mabuloko olumikiza mikono ndingodutsamo chifukwa makina ambiri a m'phiri alibe, amapezeka kwambiri pa a m'njira ndi apakatikati, monga sasipenshoni ya rMotion ya Ski-Doo yomwe mabuloko ake ali ndi mbali zinayi. Ntchito yawo ndi yakuti mkono wakumbuyo ukayamba kugwa umakagunda pa bulokoyo nkukokera wakutsogolo kuti atsikire limodzi, nde makina amatsika mogona mmalo mopendama. Mbali yonenepa ikayang'ana mkono kugundako kumachitika msanga ndipo ma ski amakhala pansi. Ngati muli nawo yesani amenewa musanagwire lamba, ndi achangu ndipo salemetsa chiwongolero nthawi yomwe simukupereka moto. Buloko lakumanja ndi lakumanzere akhale pa mbali yofanana.

Kayesedwe kake nkofunika kuposa kusinthako. Pezani phiri laling'ono lotetezeka lomwe mungakwere kambirimbiri, chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo ulendo uliwonse mudutse pa sinowo wosapondedwa pafupi ndi mzere woyamba, chifukwa mukabwereza mu mzere womwewo wapondeka kale thiraki igwira kwambiri nde muganiza kuti kusintha kwanu ndi komwe kwachita zimenezo. Mnzanu aime pambali patali ajambule vidiyo. Wokwera nthawi zonse amamva ngati ma ski ali kumwamba kwambiri kuposa mmene alili, vidiyo ndi yomwe imanena zoona. Mukatsika yang'anani ngalande yomwe mwasiya. Ikakhala yakuya kuyambira pomwe mphuno inakwera, mukuimika kwambiri. Ikakhala yakuya koma mizere ya ma ski ikuoneka yozama mbali zonse mpaka pamwamba, mwafinya mopitirira, masulani.

Dziwaninso kuti palibe kachunidwe kamodzi ka nyengo yonse. Sinowo wolimba wa kumapeto kwa nyengo yozizira amagwira thiraki mwamphamvu, makina omwe anali odekha mu sinowo wofewa amayamba kuimika ngati hatchi. Kutalika kwa thiraki nakonso kumalankhula, ya mainchesi 146 imaimika msanga kuposa ya 154 kapena 155, ndipo ya 165 kapena 175 imakhala yogona mwachibadwa chifukwa mchira ndi wautali, nde musakopere manambala a mnzanu amene thiraki yake ndi yosiyana ndi yanu. Mano a mainchesi 3 amaluma kuposa a 2.5. Ndiye pali injini, yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse omwe mwakwera, moti makina omwe amaimika m'munsi amatha kukhala ofatsa pamwamba, pomwe ya turbo imasunga mphamvu zake kumtunda ndipo imafuna kumbuyo kolimbirapo.

Koma abale, theka la nkhaniyi lili m'mapazi mwanu ndi chala chanu cha moto. Ndaonapo anthu akumasula mabauti tsiku lonse pomwe vuto ndi lakuti akuima kumapeto kwa mapondero manja atatambasula akudzikoka pa chiwongolero, thupi lonse lili kumchira kwa thabwa lija. Sunthani mapazi kutsogolo pafupi ndi pomwe mapondero ayambira, mawondo opindika, chifuwa pamwamba pa chiwongolero, mphuno ikayamba kukwera musasiye moto wonse, ingochepetsani kamphindi ma ski atsike nkubwezanso. Chiwongolero chokwezedwa kwambiri ndi chija chopendamira kumbuyo chimakukankhirani kumbuyo inu osadziwa, nde nachonso chiyang'aneni. Liwiro mulitenge m'munsi musanayambe kukwera, osati kudikira pakati pa phiri kenako nkutsanulira moto wonse nthawi imodzi. Ndipo mukaona kuti liwiro likutha khotani mudakali ndi mphamvu, apa ndi pomwe ma ski oyandama pang'ono aja amakupulumutsani chifukwa mukangochepetsa moto agwira pansi inu nkutembenuka kutsika.

Chomaliza chomwe sindingachisiye ndi chakuti makina ochunidwa bwino amakufikitsani pamalo omwe kale simunkafika, ndipo mapiri otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwe ndi okoma kukwera, ndi omwenso sinowo amagumuka kawirikawiri. Poyesa zosintha zanu sankhani potsetsereka pang'ono komanso popanda phiri lalikulu pamwamba panu, onani kaye chenjezo la tsikulo la kugumuka kwa sinowo, aliyense akhale ndi bikoni yoyatsa (kachipangizo kothandiza kupeza munthu wokwiririka), ndodo yofufuzira ndi fosholo pathupi osati pa makina, ndipo paphiri pazikhala munthu mmodzi nthawi imodzi, mnzanu akatitimira pamwamba musakwere kukamuthandiza, muyang'anireni muli pamalo otetezeka. Chingwe chozimitsira injini chija chikhale chomangirira pa jekete nthawi zonse, chifukwa tsiku lomwe makina adzaimike mpaka kugwera chagada mudzafunika kuwakankhira kumbali inu nkudumphira kwina, ndipo thiraki ya mano aatali chonchija iyenera kuima pomwepo mukangochoka.